Ndi Anga Aja, Saluma

Pa nazale ya mbande ndi maluwa ya kumapeto kwa msewu wa fumbi, aliyense ankawadziwa ndi dzina loti a Pampu. Dzinalo silinkafuna kumasulira. M'mawa uliwonse ankatuluka m'shedi atabereka pampu yopopera mankhwala, atavala ovolosi yotuwa ndi majombo, kansalu kali kukamwa, n'kuyamba kuyenda m'mizere ya machubu a mbande, dzanja lamanzere likukwera ndi kutsika pa chogwirira. Anaigwira ntchito imeneyo zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu. Msana wawo unachita kuzolowera, moti ngakhale atavala jekete yopitira kutchalitchi ankayenda chowerama ngati pampuyo adakaiberekabe. Sankaseka, sankakalipa, ndipo pa nthawi ya tiyi ankakhala paokha pa thumba la manyowa.

Mwezi umene nkhaniyi ikuthera, a Pampu anali atatsala pang'ono kupuma pa ntchito. Maso anali atachita ng'ala, moti zolemba za pa mabotolo a mankhwala ankachita kuwerengeredwa. Mwana wawo yekhayo, mayi wosoka zovala m'tauni, anali atawakonzera kale chipinda kuseri kwa shopu yake, makatani ndi bedi zonse zili m'malo. Anzawo ankawachitira nsanje, koma iwo mtima sunali m'malo. Panali mawu anayi amene anayankhula tsiku limene mayi a mwanayo anamwalira, ndipo anali asanamuuzepo. Ankaopa kuti akadzangomuuza, chipinda chija chidzatsekedwa ndipo adzataya munthu yekhayo amene anatsala naye. Koma kukalowa m'nyumba mwake n'kumadya za m'manja mwake mawuwo adakawabisa, nakonso kunkawakanika.

Kuti mawu anayiwo amveke bwino, tiyambire pa dzina lawo lakale. Okalamba awiri amene anatsala pa nazalepo ankalikumbukira, ngakhale sankalitchula eni ake ali pafupi. Asanakhale a Pampu, bambowa anali a Chigwiramavu, wothirira mabedi waphokoso kuposa onse, munthu woti akayamba nthabwala ngakhale kapitawo ankaiwala zoti amayenera kukwiya.

Dzinalo linabwera motere. Karoti ndi anyezi osiyidwa kuti abereke mbewu akachita maluwa, pamadzaza tizilombo ta mizere yachikasu ndi yakuda. Munthu wamba akationa amangoti mavu, n'kubwerera m'mbuyo atatchinga nkhope. Mavu enieni amabweradi nthawi zina, koma tambiri mwa tizilomboti ndi ntchentche chabe zobwereka zovala. Zilibe mbola, zimangodalira mizere ija kuti mbalame ziziopa. A Chigwiramavu anaphunzira kuzisiyanitsa okha, pothirira ndi kheni tsiku ndi tsiku. Ntchentche ili ndi mapiko awiri pomwe mavu ali ndi anayi. Maso a ntchentche ndi aakulu, odzaza mutu wonse, tinyanga take n'tatifupi, chiuno chake sichining'a kwenikweni, ndipo imatha kuima m'malere pamalo amodzi ngati yapachikidwa pa ulusi.

Chinsinsi chimenechi anachisandutsa masewera. Azimayi akabwera kudzagula maluwa, iwo ankayamba ayang'anitsitsa kaye mwakabisira, akatsimikiza n'kukuwa kuti, “Imani pomwepo, mayi, musagwedezeke! Mavu!” Kenako dzanja lija gwi! m'malere. Ankaika chibakera kukhutu ngati akumvera wailesi, n'kutambasula zala pang'onopang'ono, kachilombo n'kuuluka osawachita kanthu. Azimayi ankakuwa, kapitawo ankapukusa mutu, ndipo ena anafika pomanong'onezana kuti bambowa sali okha, ali ndi mankhwala. Iwo sankatsutsa. Ndani amakana kutchuka kobwera kokha?

Munthu mmodzi yekha ndi amene sanakuwe. Anali mtsikana wamtali, wosayankhulayankhula, amene anabwera kudzagula mbande za tomato. Zala zitayamba kutambasuka iye anawerama n'kusuzumira m'chikhathomo, kenako n'kuwayang'ana iwo kumaso.

“Mavu anuwa bwanji ali ndi maso a ntchentche?”

A Chigwiramavu anamunyamulira mbandezo mpaka kumsewu pofuna kumupempha kuti asawaululire, ndipo pempholo linatalika mpaka chaka chotsatira anakwatirana.

Anakhala m'kanyumba ka malata ka zipinda ziwiri, kokhala ndi kabwalo kuseri. Pakabwalopo panali dramu yamadzi, matayala akale amene akazi awo anadzalamo karoti, ndi chingwe choyanikira zovala chomangidwa pa mapaipi awiri achitsulo. M'nyumba imeneyo ntchentche zija zinali ndi dzina lakelake. Mayiwo ankati, “Abambo, anu aja abwera pa karoti,” ndipo amuna awo ankayankha kuti, “Asiyeni anga aja, akugwira ntchito.” Mavu enieni ankatchulidwa ndi dzina lawo, ndipo pa amenewo panalibe nthabwala. Tsiku lina mayiwo atalumidwa kamodzi kokha pamkono anatupa mpaka m'khosi, ndipo namwino wa kuchipatala anawachenjeza onse awiri kuti thupi lawo siligwirizana ndi mbola, ulendo wina zikadzachitika asadzachedwe panjira.

Mwana atabadwa, a Chigwiramavu anapeza woonerera wabwino kuposa azimayi onse a pa nazale. Ankamutcha mayi, ndipo kamtsikanako kankawatsatira paliponse. Akagwira kachilombo pa maluwa a karoti, mwanayo ankadumphadumpha n'kuwagwira chala chimodzichimodzi kufufuza polumidwa.

“Ababa, bwanji mavu sakulumani inu?”

“Awa ndi anga, mayi, amandidziwa. Saluma ukapanda kuwaputa.”

Akazi awo sankasangalala nazo. “Muuzeni mwanayo zoona, abambo. Mukumupusitsiranji?”

“Ndidzamuuza akakula. Panopa ndisiyeni ndikhaleko ngwazi, kuntchito kuja ndimangokhala wa kheni.”

Mwanayo anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi pamene tsiku lija linafika. Linali Lamlungu m'mawa, dzuwa litakwera kale. A Chigwiramavu anali pakhonde la m'mbali mwa nyumba, atakhala pampando, kagalasi atakayedzamitsa pazenera, akumeta ndevu. Tsaya limodzi linali litatha, lina lili ndi thovu. Kuseri kunamveka mawu a akazi awo, amene anali atanyamula beseni la zovala zochapa.

“Abambo, tabwerani muone. Pachingwe pano pakuuluka tizilombo.”

“Taima m'malere?”

“Tina taima, tina tikuzungulira. Koma sindikutiona bwino, dzuwa lili m'maso. Tabwerani.”

Kuchokera pampandopo kufika pachingwe anali mapazi khumi ndi limodzi. Anadzawawerenga pambuyo pake, kambirimbiri. Koma m'mawa umenewo lezala inali pachibwano, thovu linkauma, ndipo karoti wa m'matayala anali atachita maluwa sabata lomwelo. Munthu amene wakhala akulondola zaka zambiri amayamba kuona ngati kuyang'ana n'kutaya nthawi. Anayankha osachotsa maso pagalasi.

“Ndi anga aja. Saluma.”

Anamva beseni likuikidwa pansi. Anamva chingwe chikugwedezeka pamene chovala choyamba chinkaponyedwapo. Kenako anamva kukuwa kumene sanakuiwale mpaka ukalamba. Mavu anali atamanga chisa m'kati mwa paipi, ndipo anawaluma mayiwo m'khosi, kumaso ndi m'manja. Mayi amene tsiku loyamba lomwe anazindikira maso a ntchentche sakanapusitsidwa ndi kachilombo kalikonse akanati ayang'anitsitse okha. Sanayang'anitsitse chifukwa amuna awo anali atayankha kale.

Galimoto inapezeka msanga, ndipo panjira sanachedwe. Koma khosi linatupa msanga kuposa mmene galimoto inkathamangira, ndipo pofika pakhomo la chipatala mayiwo anali atasiya kupuma. Namwino amene anatuluka kudzanena uthengawo anawapatsa a Chigwiramavu kansalu konyowa kuti apukute thovu limene linaumira patsaya. Kunyumba, oyandikana nawo anamupeza mwana atakhala kuseri kwa dramu ali chete, ndipo aliyense anati ndi mantha.

Anthu anati linali tsoka. Anati ndani akanadziwa kuti mavu amanga m'kati mwa paipi? A Chigwiramavu ankamva zonsezo atazyolika, ndipo sanamukonze munthu. Atabwerera kuntchito anapita kwa kapitawo kukapempha pampu. Inali ntchito imene aliyense ankaithawa chifukwa cha fungo ndi kuyabwa kwa khungu, choncho kapitawo sanafunse kawiri. Dzina lakale linatha lokha pasanathe mwezi.

Tinene mosabisa, zimene anachita ndi pampuyo sizinali chilungamo. Anapha mavu, inde, zisa zonse za m'madenga a shedi anazitha. Koma sankasiyanso ntchentche zija, zimene ankadziwa bwino lomwe kuti sizinalakwe kanthu. Akangoona mizere yachikasu pa maluwa a karoti ankapopera mpaka masamba kudontha. Ankadziwanso kuti timphutsi ta ntchentchezo ndi timene timadya nsabwe za m'masamba, ndipo kuti akazipha nsabwezo zichuluka. Zinachulukadi, nazonso n'kufuna pampu. Kapitawo ankawatama pamaso pa anzawo kuti ndi munthu wakhama. Silinali khama. Ankangolephera kupirira kuziona zitaima m'malere, zili bwinobwino, ngati palibe chinachitika.

Mwana anamulera mothandizidwa ndi mlongo wawo, azakhali a mwanayo. Anakula wofatsa mopitirira muyeso. Sankapempha kanthu, sankayankha mwano, ndipo bambo ake akati, “Mwana wabwino iwe,” ankadzuka n'kutuluka m'chipindamo ngati wanyozedwa. Zovala ankaziyanika m'nyumba, pamipando ndi pachitseko, ngakhale kunja dzuwa likuswa mtengo. Atakula anaphunzira kusoka n'kutsegula kashopu ka makina awiri pafupi ndi siteji ya mabasi. Amuna awiri anamufunsira, onse anawakana mwaulemu. Ovolosi ya bambo ake ikang'ambika ankaisoka eni ake asanazindikire n'komwe. Akawabweretsera chakudya kuntchito ankaima pageti, osaponda m'kati ngakhale phazi limodzi. A Pampu ankaona zonsezi n'kumati n'chisoni cha mwana wotaya mayi ake ali wamng'ono. Mumtima ankati, wavutika kale mwanayu, ndimuwonjezerenji? Chinali chifukwa chomveka bwino, ndipo chinkawathandizanso iwo eni.

Kutatsala masabata atatu kuti apume, eni nazale anabweretsa mlangizi watsopano, mayi wachichepere woyenda ndi kagalasi kokulitsira zinthu m'thumba. Tsiku lake lachiwiri analamula kuti mabedi a karoti ndi anyezi a mbewu asapoperedwenso. Podziwa kuti lamulolo likhudza a Pampu, anawaitanira pambali, anatulutsa pepala la zithunzi, n'kuyamba kuwafotokozera modekha kuti si chilichonse cha mizere chimene chili mavu.

“Mapiko awiri,” anatero a Pampu osayang'ana pepalalo. “Maso odzaza mutu. Tinyanga tatifupi. Timphutsi take timadya nsabwe.”

Mlangiziyo anatsitsa pepala lija. “Ndiye mumadziwa, bambo? Nanga zaka zonsezi mumazipheranji?”

A Pampu anayang'ana majombo awo. Palibe amene anawafunsapo funso lotere, ndipo lero linachokera kwa mlendo amene sankadziwa chimene wakhudza. Anangoti, “Ndamva, mayi. Sindipoperanso.” Koma funsolo linawatsata masabata onse atatu, m'mizere ya machubu, pa thumba la manyowa, mpaka kunyumba. Yankho anali nalo, ndipo ankadziwa kuti woyenera kulimva sanali mlangizi. Anatsimikiza zomuuza mwana wawo katundu asanakwere galimoto, kuti ngati n'kuwakana awakanire pageti.

Tsiku lomaliza linali Lachisanu, ndipo katundu wawo wosamuka naye anali atamuunjika kale pageti la nazale. Anatsuka pampu, anaipachika pamsomali wake, n'kupereka makiyi a shedi kwa kapitawo, amene anayesa kunena mawu otsanzikana koma anathera pa kutsokomola. Chakumasana mwana wawo anafika ndi kagalimoto ka haya, tepi yoyezera idakali m'khosi, n'kuima pamalo ake a masiku onse.

“Ababa, katundu ndi yemweyu? Tiyeni, adalaivala akufulumira.”

“Auzeni adikire pang'ono, mayi. Lowani.”

“Ndikudikirani pompano.”

“Lowani. Pali chimene ndikufuna ndikuonetseni, ndipo pageti sichioneka.”

Mwanayo anali asanawakanirepo kanthu bambo ake, ndipo sanayambe tsiku limenelo. Analowa akuyenda pakatikati pa njira, manja atawabisa m'khwapa, ngakhale anali mayi wamkulu wa shopu yake. Anadutsa machubu a mbande, anadutsa shedi, mpaka anafika pa mabedi a karoti. Maluwa oyera anali atatalika kufika m'chiuno, ndipo atakhala masabata atatu osalawa mankhwala anali atadzaza tizilombo, tina tikutera, tina titaima m'malere. Mwanayo anaima patali.

“Mukukumbukira kuti kale ndinkagwira mavu ndi manja?” anafunsa a Pampu.

“Ndikukumbukira.”

“Sanali mavu, mayi. Zinali ntchentche, izi zili apazi. Zilibe mbola, zimangovala ngati mavu. Chibadwire ine sindinagwirepo mavu ndi dzanja. Amayi anu ankadziwa, ankandiuza kuti ndikuuzeni zoona, ine n'kumati ndidzakuuzani mukakula.”

A Pampu sankatha kuona bwino nkhope ya mwanayo, ankangoona mthunzi wa munthu ndi chikasu cha tepi. Anapitiriza msanga, poopa kuti akapuma sayambiranso.

“Tsiku lija amayi anu anandiitana kawiri. Ndinali pakhonde ndikumeta. Anandiuza kuti sakuona bwino, ndibwere ndione. Sindinadzuke. Ndinawayankha ndisanaone, ndinati…”

“Ndi anga aja. Saluma.”

Anali mwanayo amene anamaliza, ndi mawu otsika ngati akuwerenga zolembedwa. A Pampu anakhala pa mpanda wa njerwa wa m'mbali mwa bedi.

“Munamva?”

“Ndinali kuseri kwa dramu. Ababa, tanenaninso. Mukuti amene munkagwira aja ndi ena, a mupaipi aja ndi ena?”

“Ndi zinthu ziwiri zosiyana. A mupaipi aja anali mavu enieni. Anga aja samanga chisa m'paipi, ndipo ngakhale mutawamenya, alibe cholumira.”

Mwanayo anachotsa manja m'khwapa n'kugwira tepi ija mbali zonse ziwiri. Atayamba kuyankhula sanayang'ane bambo ake, anayang'ana maluwa.

“M'mawa uja ndinawaona akulowa m'paipi. Ndinkafuna ndigwireko ngati inu, ndidzakuonetseni. Ndinatenga kamtengo n'kumamenya paipi, kumenya, mpaka anatuluka ambiri. Ndinachita mantha n'kubisala. Kenako amayi anabwera ndi beseni, ndipo ndinamva inu mukuti ndi anu, saluma. Ine ndinkadziwa kuti inu simunama, ababa, ndinkakuonani ndi maso angawa. Munandiuza kuti saluma ukapanda kuwaputa. Ndiye atawaluma amayi, ndinadziwa amene anawaputa.”

Pa nazale ponse pankangomveka madzi a paipi yothirira ndi kulira kwa tizilombo tija. A Pampu anakumbukira zovala zoyanikidwa pachitseko. Anakumbukira mwana akutuluka m'chipinda atamutcha wabwino, amuna awiri obwezedwa aja, ndi ovolosi yosokedwa asanapemphe. Zonsezo iwo ankazitcha chisoni, pomwe mwanayo ankadziona ngati wopha mayi ake amene akuyenera kumangotumikira osakweza mutu. Iwo ankati kukhala chete n'kumuteteza, koma anali atamusiya yekha ndi mlandu wawo kuyambira ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Manyazi amene anawagwira pamenepo anaposa amene anakhala nawo zaka zonsezo.

“Iwe mwana wanga,” anatero, ulemu wa masiku onse uja utathawa pakamwa. “Tamvera. Unamenya paipi, inde. Unali mwana, unkachita zimene bambo ako anakuphunzitsa ndi bodza. Koma amayi ako anawaona mavuwo akuuluka, anaima, anafunsa. Pamene ankandifunsa anali asanalumidwe. Ndikanayenda mapazi khumi ndi limodzi okha, ndikanawabweza. Chimene chinawafikitsa pachingwe si kamtengo kako, ndi pakamwa pangapa.”

Mwanayo analira. Sanalire mwaulemu monga ankachitira zinthu zonse, analira mokweza, mapewa akugwedezeka, moti wothirira wina amene ankabwera ndi wilibala anabwerera njira yomweyo. Atatha anapukuta m'maso ndi msonga ya tepi, ndipo mawu ake anatuluka ndi mkwiyo umene bambo ake anali asanaumvepo.

“Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu, ababa. Mukanangondiuza kuti zinali ntchentche. Zokhazo basi.”

“Ndinkaopa kuti udzandida.”

“Inenso ndinkaopa zomwezo.”

Kugeti dalaivala analiza hutala. A Pampu anadzuka movutikira, akugwira njerwa. Analibe chodzikanira, ndipo sanachifunefune.

“Mayi, ngati chipinda chija mwasintha nacho maganizo, nenani pompano katundu asanakwere. Sindidandaula, ndipo sindiuza munthu chifukwa chake.”

Mwanayo anaima nkhope ili yonyowa, akupumira m'mwamba, ndipo a Pampu anadikira. Pa nthawi imeneyo kachilombo kena kanachoka pamaluwa n'kudzaima m'malere pakati pa awiriwo, pafupi ndi chifuwa cha mwanayo, mwina katakopeka ndi chikasu cha tepi. Iye anauma thupi lonse, koma sanathawe.

“Ababa,” anatero motsitsa mawu, “aka kamaluma?”

A Pampu ankangoona kadontho kakuda kosagwedezeka. Kaimidwe kake ankakadziwa, kaliridwe kakenso ankakadziwa, ndipo yankho lakale lija linali litafika kale palilime. Anatseka pakamwa n'kulimeza.

“Sindikuona, mayi. Sindinganene ndisanaone. Yang'anani inuyo, kakatera muwerenge mapiko mundiuze.”

Kachilomboko kanatera pa tepi, pamwamba pa dzanja lake. Mwanayo anatsitsa mutu pang'onopang'ono n'kuyang'anitsitsa, mmene amayang'anira ulusi akamaulowetsa pasingano.

“Awiri.”

“Onaninso.”

“Awiri, ababa. Maso ake ndi aakulu, adzaza mutu wonse.”

Anakhala choncho mpaka kanauluka kokha. Hutala inaliranso kugeti. Mwanayo anawerama n'kutola chipewa cha bambo ake chimene chinagwera m'ngalande, anachikutumula, n'kuwapatsa m'manja. Kenako anawagwira pamkono, osati mofatsa kwenikweni, n'kuwatembenuzira kunjira.

“Tiyeni kunyumba. Pondani bwino, apa pali paipi.”